Diso Lalitali la Mayi Rosa

Pa doko la nsomba lina kufupi ndi Nkopola, ukafunsa za Rosa Domingos, anthu amayamba aseka kaye, kenako n'kukulozera kumene kukuchokera phokoso. Ndi mayi wamfupi, wa mawu okwera, amene akaseka ngakhale agalu amadzuka. Anabadwira ku Mozambique, koma anawoloka malire ali kumsana kwa amayi ake nthawi ya nkhondo, n'kukulira cha ku Chiponde kumene makolo ake ankalima chimanga ndi nandolo. Atakwatiwa anatsikira kunyanja, ndipo banja litatha sanabwererenso kumtunda. Anayamba geni ya usipa: kugula m'mawa kwa asodzi, kuyanika pathandala, kukagulitsa pa boma.

Geni imeneyi imafuna miyendo. Doko ndi lalitali, maboti amakocheza paliponse pamene afuna, ndipo wofika msanga pa boti limene lapha ndiye amasankha usipa wabwino. Rosa ankathamanga ndithu, chitenje m'chiuno, beseni pamutu, koma kawirikawiri ankafikira pa boti lopanda kanthu, alovi ake, amuna okoka khoka aja, akungoyasamula. Akamatembenuka n'kuti mnzake Hidaya, mayi wamtali ngati mgwalangwa, atadzaza kale beseni kwina.

Pa Pasaka wa chaka china kunabwera mlongo wake wamng'ono, Eduardo, amene ankagwira ntchito ku Joni m'sitolo ya makamera ya bambo wina dzina lake Sameer. Anabwera ndi kamera yogwirapo kale ntchito, yokhala ndi lenzi yonenepa ngati kamtondo kosinjira tsabola.

"Achemwali, ichi mundisungire," anatero Eduardo. "Chaka chamawa ndikubwera kudzatsegula situdiyo. Koma musachigwiregwire."

"Tandionetsa kaye. Ndisunga bwanji chinthu chosachidziwa?"

Eduardo anamutengera padoko m'mawa, namuuza kuti aike diso pa kabowo. "Mukapotoza uku, doko lonse likwana m'kati. Mukapotoza uko, chakutali chibwera pafupi. Imeneyo ndiye zumu."

Rosa anapotoza. Kadontho kamene kanali kutali pamadzi kanakula, kanakula, mpaka kanasanduka Che Hamisi, mwini boti lobiriwira, atakhala kuchiwongolero akukanda ndevu.

"Mayo!" Rosa anadumpha. Anabwezeranso diso, napinda maondo pang'ono mwaulemu. "Mwadzuka bwanji Che Hamisi?"

Eduardo anaseka mpaka anakhala pansi pamchenga. "Sakumvani achemwali! Ali kutali ngati kuchokera pano kukafika kumsewu wa tala, kubwereza kanayi."

"Ndiye ine ndikuwaona, iwo sakundiona?"

"Eya."

"Iwe Eduardo," anatero Rosa, "ubwerera liti ku Joni?"

Kamerayo inagona m'sutikesi masiku atatu okha. Tsiku lachinayi Rosa anaikoleka m'khosi, naima pa chulu cha pafupi ndi doko. Pasanathe sabata anali atadziwa kuwerenga maboti. Boti limene lapha limamira m'mbali ndipo limayenda mwaulesi, alovi ake ataimirira akugwedeza mapewa. Limene labwera chimanjamanja limathamanga mopepuka, anthu ali chete, zipewa zili kumaso.

Vuto linali limodzi: pakamwa pa Rosa sipasunga kanthu. Ankati akaona boti lodzaza, mtima unkamuthawa.

"La Che Hamisi lapha! Lapha! Likulowera cha kumtengo wa mkuyu!"

Amayi onse a padoko ankanyamuka liwiro, ndipo mwini diso ankafika pomalizira, wefuwefu, kamera ikumumenya pachifuwa. Zinachitika katatu. Kachinayi Hidaya anamugwira pamkono.

"Asisi, inu muli ndi maso, ine ndili ndi miyendo. Muzingondinong'oneza, ine ndizikugwirirani malo."

"Kunong'ona ndiye sindikutha."

"Ndiye muzinditsina."

Anayamba kutero. Hidaya ankaima pambali pake, Rosa akaona boti ankamutsina n'kuloza ndi milomo. Koma amayi enawo sanachedwe kuzindikira: akangomva Hidaya akuti "Ayii!" onse ankatola mabeseni.

Kujambula kwenikweni kunayamba mwangozi. Inali nyengo ya mwera, mphepo ikuwaza mchenga ndi madzi kumaso. Rosa anatsetsereka pachulu, chala n'kudina batani. Atayang'ana kumbuyo kwa kamera anapeza Che Hamisi ataima kutsogolo kwa boti, funde litasweka mbali zonse ziwiri, mkanjo ukuuluka, dzanja litaloza kumtunda. Anathamanga nacho chithunzicho osakumbukanso za usipa.

Che Hamisi anayang'ana nthawi yaitali. "Mashallah. Ameneyu ndine?"

"Ndinu amene."

"Pamenepa ndimakalipira mlovi wanga Atumani kuti wasiya chingwe m'madzi. Koma taonani, ngati mkulu wa asilikali!" Anaitana alovi onse, ndi Atumani yemwe, kuti adzaone mmene bwana wawo amaonekera akamakalipa.

Kuyambira tsiku limenelo maboti ankati akayandikira doko, alovi ankakonza zipewa. Ena ankaimirira ndi kugwedeza mapewa ngakhale sanaphe kanthu, ndipo Hidaya anathamangira maboti opanda nsomba kangapo ndithu. Rosa sizinkamukhudza. Ankajambula chilichonse: nkhwazi ikutsomphola nsomba, usipa ukunyezimira pathandala, mayi akumenyana ndi mbuzi yomubera chinangwa. Akapita pa boma ankauza wakabaza kuti aime pamlatho, iye n'kumazuma mvuu za mumtsinje wa Shire, usipa ukudikira m'thumba.

Tsiku lina lenzi inanyowa ndi madzi a funde, ndipo mantha anamugwira. Anaimbira foni Eduardo n'kuulula zonse.

"Ndimadziwa ine," anatero Eduardo. "Zithunzi za Che Hamisi zafika kuno pa WhatsApp. Musaope, lenzi imeneyo inapangidwa yotseka bwino, ndi kamera yomwe. Fumbi sililowa, mvula siiopa. Muzingopukuta ndi kansalu kofewa. Koma musakaiviike m'nyanja, si bakha."

Mawu akuti mvula siiopa anamukhala m'mutu miyezi yonse ya chilimwe. Ankayang'ana kumwamba ngati mlimi.

Mwayi unabwera mu Disembala, pa ukwati wa Nasra, mwana wamkazi wa Che Hamisi. Bambo ake anafuna kuti mwana wa msodzi afike paphwando pa boti, osati pa galimoto. Wojambula anaitanidwa kuchokera pa boma, bambo Gordon, munthu wa suti ndi tayi, amene wajambula maukwati zaka makumi awiri. Rosa anangobwera ngati woitanidwa wamba, atavala chitenje cha yunifomu ngati amayi ena onse, koma kamera ili m'khosi.

Maboti atatu okongoletsedwa ndi nsalu atangoonekera m'mbali mwa phiri, kumwamba kunang'ambika. Mvula yake ya madontho akuluakulu, yogwa chopingasa. Anthu anathawira pansi pa tenti. Bambo Gordon anakulunga kamera yawo m'jumbo, naibisa m'jekete.

"Mayi, bisani chimenecho! Chipsa!"

"Changachi sichiopa!" Rosa anakuwa, akuvula masilipasi. "Hidaya, gwira nsapatozi! Sichiopa mvula!"

Analowa m'madzi mpaka m'maondo. Anapotoza lenzi, boti la mkwatibwi n'kubwera pamphuno pake. Nasra anali atakhala pakati, anamkungwi awiri akulimbana ndi ambulera imene mphepo inaitembenuza. Kenaka ambulera ija inauluka. Mkwatibwi amayenera kuwerama mwamanyazi, koma Nasra anaiyang'ana ikupita, naphulika chiseko, manja ake olembedwa hina ali m'mwamba. Rosa anadina. Anadinanso. Anapotoza kwina kuti maboti onse atatu akwane, ndi phiri, ndi mvula yomwe. Iye mwini ankaseka, madzi akumulowa m'kamwa, duku litagwera paphewa.

"Nasra! Yang'ana kuno! Ayi, usayang'ane, zingoseka choncho!"

Amayi a pansi pa tenti ataona mnzawo akuvina m'madzi, mmodzi analuluta n'kutuluka, wina n'kutsatira, mpaka gulu lonse linakalandira mkwatibwi pamvula, zitenje zitamatirira m'thupi.

Mvula itakata, bambo Gordon anapempha kuti aone. Anadutsa zithunzizo chimodzichimodzi, nkhope ili gwa.

"Zambirizi zapendekeka. Nyanja siikhala chotsetsereka, mayi. Apa mwadula mutu wa mkwati." Anafika pa chithunzi cha ambulera, nachiyang'anitsitsa. "Ichi mundipatse ndikachitsuke chachikulu. Ndipo Loweruka mubwere ku situdiyo, ndikuphunzitseni kugwira kamera mowongoka."

Rosa anapita Loweruka limenelo ndi ena ambiri otsatira. Anaphunzira kukanikiza zigongono m'nthiti, ndi kugwira mpweya podina, chimene kwa munthu wolankhula ngati iye chinali chilango chenicheni.

Eduardo anabweradi chaka chotsatira kudzatenga katundu wake. Rosa anamuphikira chambo, namukhazika pampando wabwino, kenaka anamuika patsogolo zithunzi zodzaza beseni. Eduardo anaziona mpaka chakudya chinazizira.

"Achemwali, situdiyo ija ndiye ndijambulira chiyani?"

"Anthu a mu situdiyo amakhala pafupi, sathawa, ndiponso m'nyumba simugwa mvula. Ukapeze kalenzi kakang'ono."

Anakangana masiku awiri. Pomaliza Eduardo anatsegula situdiyo yake pa boma ndi kamera ina, ndipo pachikwangwani analembapo mayina awiri. Za m'nyumba amajambula iye. Za panja zonse, maukwati, mpira, mipikisano ya mabwato ku Chembe, ndi Rosa amene amapita, pa matola kapena pa kabaza.

Usipa sanausiye, koma masiku ambiri thandala amayang'anira ndi Hidaya. Mwezi wathawu Rosa anakwera minibasi kupita ku Liwonde chifukwa anamva kuti njovu zimatsikira kumtsinje kukamwa madzi. Anazipeza tsidya lina, zisanu ndi kamwana kamodzi. Pobwerera kamera inayenda m'manja mwa anthu onse a m'minibasimo, mpaka dalaivala anaimika galimoto pambali pa msewu kuti nayenso aone bwinobwino.