Madzi a ku Lobi Safika pa 100

Ndikukumbukira chaka chimene amalume anga, a Benedikito, anabwera kwathu ku Lobi kudzatenga mwana mmodzi wa mlongo wawo kuti akamuphunzitse ku Zomba. Anali mphunzitsi wa sayansi ku yunivesite. Ana oyenera kupita tinali awiri: ine, amene ndinkakhala nambala wani chaka ndi chaka, ndi mlongo wanga Agata, amene anali atabwereza Sitandade 5. Kunena zoona, mumtima ndinali nditafika kale ku Zomba, nsapato zili kuphazi.

Amalume ankafufuza za kutentha: momwe moto umalowera mumphika, ndi kuchuluka kwa nkhuni zimene zimangopsa pachabe pamafuwa. Anthu a m'mudzi ankawaseka kumbali kuti munthu wophunzira mpaka kunja wabwerera kudzakhala kukhitchini ndi azimayi. Abambo atawafunsa chifukwa chake sanaphunzire zamalamulo, anayankha motsitsa mawu kuti masiku amenewo funso limodzi linkatha kumusowetsa munthu, koma madzi owira ungawafunse chilichonse osacheuka.

M'mawa wina wa Juni, nkhungu itaphimba phiri, amayi anatereka nyemba. Amalume anatulutsa kagalasi koyezera kutentha, kowonda ngati pensulo, natifunsa kuti madzi amawira akafika pati. Ndinayankha asanamalize n'komwe kuti pa madigiri 100, ndipo ndinayang'ana Agata kuti aone mmene anthu amayankhira. Amalume anaviika kagalasiko mumphika wobwadamuka. Kamzere kanakwera, kanakwera, kenako kanaima kasanafike pa 100. Tinadikira, utsi ukutiliza maso, koma sikanasunthenso.

Ndinawauza amalume mwaulemu kuti kachipangizo kawo kawonongeka, poti buku silinama.

Agata anali chete, akusonkhezera moto. Kenako ananena, mwamanyazi, kuti pamene ankathandiza azakhali ku Golomoti, kumunsi kwa mapiri, nyemba za m'munda mwathu zomwezi zinkapsa msanga kuposa kuno. "Kodi amalume, madzi a kumeneko ndi otentha kuposa athu?"

Ndinaseka mokweza, ndikuyembekeza kuti nawonso aseka. Sanaseke. Anakokera mpando pafupi ndi iye, nayamba kumufunsa za mphika, za nkhuni, za chivundikiro. Anafotokoza kuti kumapiri mpweya supanikiza madzi kwambiri, choncho amawira asanatenthe mokwanira. Anatifotokozera tonse, koma maso awo anali pa Agata. Tsiku lonselo awiriwo anawiritsa madzi m'mapoto osiyanasiyana, ine ndili pakhonde ndi buku langa, ndikuwerenga mokweza dala kuti andimve. Nyemba zija ndinazidya ngati miyala.

Lamlungu titabwera ku Misa, amayi anandiuza kuti wopita ku Zomba ndi Agata. Sindinathe kudzigwira. Ndinatsatira amalume kudimba, ndi kuwakumbutsa kuti mwana amene amusankhayo sadziwa ngakhale matebulo a masamu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Pio, iwe unaona kamzere kaja ndi maso ako, koma unakhulupirira buku," anatero. "Mayeso udzakhoza kulikonse, ngakhale kuno. Koma mlongo wakoyo akatsala, aphunzitsi adzamuletsa kufunsa, ndipo adzasiya."

Basi itanyamuka sindinabayibitse. Agata akabwera patchuthi atavala nsapato, ndinkapeza chochita kuthengo. Nsanje inandiphunzitsa kuposa chikwapu: ndinawerenga ngati ndili pankhondo, mpaka ndinakhala mphunzitsi wa sayansi kusekondale kuno ku Dedza. Agata anafika ku yunivesite, ndipo mpaka lero amalipidwa chifukwa chofunsa mafunso. Timagwirizana, koma anthu akamamutchula kuti dokotala, penapake mumtima pamanditsinabe.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti amalume sanasankhe wanzeru pakati pathu. Anasankha amene akanatayika. Chaka chilichonse ndimawiritsa madzi pamaso pa ana a Fomu 1, ndipo sipalephera mnyamata wokhoza bwino, wokhala kutsogolo, amene amakweza dzanja n'kundiuza kuti kachipangizo kawonongeka. Ameneyo sindimudera nkhawa, ndimamudziwa bwino. Ndimayang'ana kumbuyo, kwa amene akhala chete, ndipo ndimadikira.