Silipasi Imene Inatsala Panjira

Chizindikiro choyamba chinali silipasi. Mu Malichi chaka chatha, amayi anabwera kuchokera kunyanja kumene amaviika chinangwa atavala silipasi imodzi yokha. Inayo inavuka panjira, iwo osamva. Tonse tinaseka.

Kenako anayamba kudandaula kuti mapazi akuchita dzanzi, nthawi zina kuyaka ngati aponda makala. Matenda a shuga anali nawo kale, koma mankhwala ankamwa modumphadumpha chifukwa chipatala chili kutali ndi kwathu ku Kande. Palibe amene anaganiza kuti shuga angafike kumapazi. Azakhali anati amayi anaponda mankhwala oipa, ndipo anayamba kuwathowa ndi madzi otentha. Amayi ankangoti, "Onjezerani, sakutentha." Tsiku lina khungu la chala chachikulu linasupuka.

Bala silinapole, ndipo linayamba kununkha. Mu Juni tinapita kuchipatala. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, koma titafika kutsogolo anatiuza kuti zoyezera shuga zatha, tibwerenso. Ndinkafuna kunena kuti chala chikuda, koma ndinachita manyazi. Ndinaphonya sukulu pachabe, ndipo pobwerera ndinalira ndi mkwiyo.

Ulendo wachiwiri, namwino anauza amayi kuti atseke maso, n'kumawakhudza kuphazi ndi kaulusi kolimba. "Mukamva munene, mayi." Amayi anangodikira kuti ayambe. Namwinoyo anali atamaliza kale.

Dokotala anafotokoza kuti shuga akakhala wokwera nthawi yaitali amawononga mitsempha, munthu n'kusiya kumva ululu. Anati tikanachedwanso akanadula phazi lonse. Amayi anagonekedwa ndipo chalacho anachidula. Ine ndinkagona pansi pafupi ndi bedi lawo. M'mawa uliwonse tinkadikira otsuka mabala, mwina mpaka masana.

Lero amayi akuyenda ndipo mankhwala sadumphitsa. Dzanzi silinathe, ndipo anatiuza kuti mwina silidzatheratu. Madzi osamba ndimayamba ndawagwira ine. Akabwera kunyanja ndimayang'ana pakati pa zala zawo ngati pali munga kapena bala. Timakanganabe za nsapato zotseka, chifukwa amati akazi anzawo aziwaseka akazivala poviika chinangwa. Pa izi zokha sindichitanso manyazi, ndimaima pakhomo mpaka avale.

Ngati kwanu kuli wodwala shuga amene akudandaula dzanzi, musamuthowe ndi madzi otentha. Pitani naye kuchipatala bala lisanabwere, ndipo akakubwezani, nenani zimene mwaona. Ife tinaseka silipasi, n'kutaya chala.