Asanu a Kutsogolo ku Embangweni

Nditatumizidwa kukaphunzitsa pa sekondale ina pafupi ndi Embangweni, za mpira wa ku Amereka ndinali ndisanazimvepo. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo thupi langa ndi lalikulu chibadwire. Pa mpira wamiyendo ankandiika pagolo kuti ndingotseka malo basi.

Kenako kunabwera mphunzitsi wa masamu, mzungu wochokera ku Amereka, chimunthu cha mapewa ngati chitseko, chotsimphina pang'ono. Kwawo mpira unali ntchito yake mpaka bondo linathyoka. Loweruka lina masana anatulutsa mpira wooneka ngati papaya, nasankha aphunzitsi asanu ojintcha, ine m'gulu momwemo, n'kutindandalika pabwalo phewa ndi phewa.

"Wapakatiyu ndiye apereke mpira kumbuyo," anatero m'Chichewa chake chopindika. "Enanu simuukhudza. Inu tchingani, kuti woponya aponye mosatekeseka."

Kumanzere kwanga kunali mphunzitsi wa zaulimi, mwana wa ku Edingeni. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mbwenu tisewera chiyani, akulu, ngati mpira sitiugwira?"

Anyamata a Fomu 4 ndiwo ankalimbana nafe. Masabata oyamba anatichititsa manyazi. Mphamvu tinali nazo, koma iwo ankangodutsa pakati pathu ngati nkhuku pampanda wothyoka. Mzunguyo anatikhazika pansi pa mtengo. Anati kwawo matimu amagula zimphona, komabe mzere n'kumadontha. Mzere wabwino, anatero, ndi wa anthu a mapazi opepuka, odziwa kutsitsa chiuno, koma koposa zonse okhalitsa pamodzi, oti wina amadziwa kumene mnzake aponde asanaponde. Mmodzi akavulala n'kulowa mlendo, onse asanu amayambiranso.

"Ngati ng'ombe za pangolo," anatero mnzanga wa ku Edingeni uja. "Mukasintha imodzi, ngolo imalowera kutchire."

Chilimwe chonse tinameza fumbi la pabwalopo. Tsiku lina mnyamata wina waliwiro anandinamiza ngati akupita kumanja, n'kukhotera pakati pa ine ndi mnzangayo. Ndinangomva phewa la mnzangayo lafika pa langa, mpata watsekeka, mnyamata uja khu! pansi. Mpira unadutsa pamwamba pathu. Ana onse anathamangira kukanyamula amene anauwakha. Ife awiri tinatsala tikupuma wefuwefu, iye n'kundimenya pamsana.

"Yewo chomene, akulu. Lero ndiye mwalima."

Nthawi yake itakwana, mzungu uja anabwerera kwawo, mpira anatisiyira. Posakhalitsa mnzanga anasiya choko n'kupita ku Joni, monga amachitira amuna ambiri a kuno. Ine anandisamutsira ku Mzimba boma. Ndinayesa kusonkhanitsa asanu ena, koma amene anaima kumanzere kwanga ankangondiponda phazi, ndipo mvula itayamba tinaleka.

Masiku ano, bandulo ikalola, ndimaonera masewerawa pafoni. Mayi a kunyumba amadabwa kuti sindikuwa pamene ena akuwa. Maso anga amakhala pa asanu aja a kutsogolo.

Chaka chatha ndinakumana ndi akazi a mnzangayo pamsika wa Manyamula, akukankha njinga yonyamula chimanga. Anati amuna awo akulondera sitolo ku Joni komweko, ndipo chaka chilichonse amati abwera pa Khirisimasi. Ndinawasiyira nambala yanga. Foni ikalira ndi nambala yachilendo, ndimasiya chilichonse chimene ndikuchita.