Ama NyaLongwe ndi Chinangwa Chowawa

Ku Chintheche kuno alendo odzipereka tinawazolowera. Amatsika basi ndi zikwama zazikulu kumsana, amapenta makalasi, amajambulitsa ndi ana, n'kubwerera kwawo khungu litapsa ndi dzuwa. Koma wodzipereka amene mpingo wathu unatumiza kunja ndi mmodzi yekha: Mayi Bessie Mphande, amene aliyense ankawatchula Ama NyaLongwe, ndipo tinawagoneka m'manda mwezi watha.

Anabadwira ku Bandawe, m'banja la msodzi. Ali mtsikana, asanapite kusukulu ankayamba avuula chinangwa chimene mayi awo anaviika m'mitsuko. M'kalasi ankafika manja akununkha, anzawo n'kumasendera kumapeto kwa benchi. Iwo ankati zinawathandiza, chifukwa malo olembera ankawapeza okwanira. Ataphunzira uphunzitsi anakwatiwa ndi Ada Fraser Mphande, msodzi wokonda nthabwala, ndipo anaphunzitsa ana a Sitandade 1 mpaka imvi zinamera. Mu Umanyano, gulu la amayi a mpingo, sanakhalepo pa mpando. Ankasesa tchalitchi ndi kuyendera odwala.

Anapuma ntchito mu 1995, pamene anthu a ku Mozambique amene anathawa nkhondo anali atangobwerera kwawo. Lamlungu lina m'busa analengeza pempho la mudzi wina wa tsidya la nyanja: ana ambiri, mphunzitsi mmodzi, sukulu yopanda denga, malipiro palibe. Mpingo wonse unayamba kuwerenga mabuku a nyimbo mwachidwi chachilendo. Ama NyaLongwe anaimirira.

Kunyumba Ada Fraser anawafunsa. "A NyaLongwe, Atonga anzathu amapita ku Joni kukabwera ndi suti. Inu mwasankha dziko losauka kuposa lathu. Mukabwera ndi chiyani?"

"Ndikabwera ndi ine ndemwe, Ada."

"Katundu ameneyo ndiye ndikumufuna. Chaka chimodzi basi."

Anakwera sitima mpaka ku Likoma, kenako boti. Anatenga Baibulo, choko ndi mtolo waukulu wa mitengo ya chinangwa cha gomani, chija chowawa chimene nguluwe ndi akuba amachilambalala. Ankati mwana wanjala samva masamu. Tsidyalo mphunzitsi mnzawo ankaphunzitsa Chipwitikizi, iwo n'kumaphunzitsa masamu ndi kuwerenga m'Chichewa chawo chokhala ndi kamvekedwe ka Chitonga, chimene ana ankachitsanzira pa nthawi yopuma. Mvula itagwa, anabzala nawo chinangwa kuseri kwa sukulu. Anawaphunzitsa kupanga mitumbira, kudula mitengo ndi kupalira.

Chinthu chimodzi chokha sanawauze, chifukwa kwathu kuno palibe amene amauzidwa. Mwana wa ku Bandawe amadziwa kuti gomani sadyedwa wamuwisi asanadziwe n'kulemba dzina lake. Koma ana a tsidyalo anabadwira m'misasa ya othawa nkhondo, ndipo chakudya ankachidziwa ngati ufa wa m'thumba.

Chaka chija chili pafupi kutha, masana ena atsikana angapo anazula phata limodzi n'kutafuna. Ambiri analavula. Agness, mwana wamasiye amene anagona ndi njala dzulo lake, anapirira kuwawako n'kumeza. Posakhalitsa anayamba kusanza, kenako anakomoka. Ama NyaLongwe anamubereka kumsana mpaka kugombe, ndipo anamufungatira m'boti ulendo wonse wa kuchipatala, akuimba nyimbo ya Mulungu m'Chitonga chifukwa mawu a chinenero china anali atawathawa.

Mwana anachira. Koma pobwerera Ama NyaLongwe anapeza makolo atasonkhana kumunda ndi makasu, ana onse atawachotsa pasukulu. Malume ake a Agness ndiwo anayankhula.

"Amayi, nkhondo inatisiyira mabomba m'minda. Inu mwabwera kudzatibzalira ena?"

Ama NyaLongwe anagwada pa mtumbira. "Bambo, kulakwa ndi kwanga. Ndinawaphunzitsa kubzala, sindinawaphunzitse kudya. Ine mukhoza kundithamangitsa, koma mundawu ndi chakudya cha ana anu. Chowawa sichitayidwa, chimaviikidwa."

Amayi achikulire, amene ankachikumbukira chinangwa chotere nkhondo isanayambe, anang'ung'udza movomereza, ndipo makasu anatsika. Ama NyaLongwe anazula, kusenda, kuviika, kuyanika ndi kusinja pamaso pa mudzi wonse, ndipo kondowole woyamba, nsima ya ufa umenewo, anayamba kumudya ndi iwo eni. Malume aja anadikira mpaka madzulo kuti aone ngati agwe. Ataona kuti sanagwe, anapempha wotsala.

Ana anabwerera m'kalasi mmodzimmodzi. Boti lowatengera Ama NyaLongwe kwawo linafika, koma iwo anaona kuti munda wonse ukhwima iwo atachoka, manja odziwa kuviika akadali ochepa. Anatumiza uthenga wopempha chaka china. Yankho la Ada Fraser linabwera ndi msodzi wa ku Likoma: "Malizani ntchito. Ine sindithawa."

Ada Fraser sanawauze kuti chifuwa chinali chitawagwira. Uthenga wachiwiri unachedwa ndi mphepo ya mwera, ndipo Ama NyaLongwe anafika maliro atapita kale. Anaima pa mtumbira wa amuna awo, kenako anati, "Munasunga mawu, Ada. Simunathawe." Sanamvekenso akudandaula za nkhaniyi.

Zaka zotsala anazithera pa tsache la tchalitchi ndi pa Sande sukulu. Alendo a zikwama akabwera, ankawalandira ndi manja awiri, kenako n'kuwafunsa, "Kodi ndi chiyani chimene kwanu aliyense amachidziwa? Chimenecho ndiye muyambe kutiuza." Alendowo ankaseka poganiza kuti ndi mwambi. Matenda a chinangwa atalowa m'minda ya kuno, gomani wawo yense anatha, ndipo ankamutchula ngati mbale wotayika.

Anamwalira Lachinayi masana, atangobwera kumapemphero a Umanyano, ali chikhalire pakhonde, yunifolomu yoyera isanavulidwe. Mdzukulu wawo anaganiza kuti akusinza.

Pa maliro panabwera mayi wachilendo atasenza mtolo wa mitengo. Anautula pamaso pa akulu a mpingo n'kugwada.

"Ine ndine Agness, mphunzitsi wa sukulu ija. Awa ndi adzukulu a mitengo imene Ama anabwera nayo. Kwathu mwana aliyense amaphunzira kuviika asanaphunzire kuwerenga."

Mitengoyo yabzalidwa kuseri kwa tchalitchi, ndipo yaphuka bwino. Aphunzitsi a Sande sukulu akupemphedwa kuti awauze ana, ngakhale aja amene tikuganiza kuti akudziwa kale.