Inveta ya Apongozi

Apongozi anga aamuna atabwera kudzationa kuno kunja, ku Mulhuddart, m'chikwama mwawo munali usipa, mtedza ndi inveta yokulunga m'chitenje ngati khanda. Mwamuna wanga anali atawauza pafoni kuti wagula vani yakale ndipo akuikonza kuti tizigonamo tikapita koyenda, ndiye iwo anaganiza zotipatsa chinthu chimene ankachidalira kuposa zonse. Inveta imeneyi inawaonetsa mpira zaka zambiri ku Ndirande magetsi akathima, ndipo mzere wonse unkatchajira mafoni pomwepo. Mapulagi akwathu ndi akuno ndi amodzi, a mano atatu, choncho mwamuna wanga anailumikiza ku batire ya vani tsiku lomwelo akuimba mluzu.

Ine mtima unali m'mwamba. Mwana wathu wamkazi ali ndi mphumu, ndipo ikamugwira zenizeni inhela siikwanira. Amafunika nebulaiza, kamakina kosandutsa mankhwala kukhala nthunzi. Kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito anatichenjeza kuti makina a odwala safuna inveta wamba. Magetsi a m'nyumba amayenda mosalala, ndipo inveta imene amati pure sine wave imawatsanzira bwino. Zotchipazi zimatulutsa magetsi odumphadumpha. TV ndi foni zimapirira, koma chinthu cha mota chimalira, chimatentha, mwinanso kupsa. Nditaitembenuza ya apongozi ndinapeza palembedwa kuti modified, mtundu wa zotchipa zija.

Koma mtengwa angauze bwanji apongozi aamuna kuti mphatso yawo ndi yoopsa? Kumene ndinakulira, ukakumana ndi apongozi panjira umapatuka. Tiyi ndinkawapatsa nditagwada pa kapeti, maso ali pansi. Ndiye ndinadzera kwa mwana wawo, kukhitchini, monong'ona.

"Inu, inveta ija ichoke. Tigule ya pure."

"Madala anyamula chinthu all the way from Blantyre, ndiye ndikawauze kuti n'chachabechabe? Inveta ndi inveta, iwe."

"Nanga ikakana mwana akubanika?"

"Usamalose zoipa."

Mwamuna wangayu ndi wolimba pakamwa kwa ine ndekha, pamaso pa bambo ake amasanduka mwana wa sukulu. Ndinameza mawu anga sabata yonse. Mwana akangotsokomola kamodzi ndinkasiya chimene ndagwira.

Loweruka tinapita kunyanja, kupitirira Balbriggan, n'kuimika vani pamalo opanda sitolo ngakhale imodzi. M'minda alimi ankadula udzu, fumbi lake lili m'mphepo. Titangoyala chakudya mwana anayamba kukanda pakhosi, kenako chifuwa chinayamba kulira. Ndinamupatsa inhela, ndinabwerezanso, koma palibe chinasintha. Mapewa ake ankakwera ndi kutsika.

Ndinalumikiza nebulaiza ku inveta. Makina analira mawu amene sindinawamvepo, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Nthunzi inkatuluka yochepa, yodukizadukiza, ndipo posakhalitsa ndinamva fungo la pulasitiki yotentha.

"Mam, it's not coming," anatero mwana, mawu akutuluka limodzilimodzi.

Mwamuna wanga anagwada n'kuyamba kugwedeza mawaya. Apongozi anasendera pafupi n'kumenya inveta ndi chikhatho.

"Imeneyi imafuna kuigogoda pang'ono, idzuka," anatero modekha.

Pamenepo ulemu unandithera. Ndinaimirira, ndinawayang'ana m'maso koyamba chikwatiwireni.

"Bambo, siyani! Chinthu chanuchi chipha mwana!"

Ndinazula pulagi, ndinaponya mwana kumsana, makina m'khwapa, n'kuthamangira nyumba ina imene inkaoneka patsidya pa msewu. Sindikumbuka ngati ndinayang'ana magalimoto. Ndinagogoda ndi phazi. Mayi wachizungu amene anatsegula sanafunse dzina langa, anangoona nkhope ya mwanayo n'kuloza soketi ya pafupi ndi ketulo. Ndinali ndi mantha kuti makina apsa kale, koma anayaka ndi mawu ake a masiku onse, nthunzi inadzaza chophimba kumphuno. Ndinakhala pansi m'khitchini mwa munthu wosamudziwa, mwana ali pamiyendo, mayiyo akuimbira a ambulansi. Pang'onopang'ono mapewa aja anatsika.

Mwamuna wanga atalowa kudzanyamula mwana, ine ndinatuluka kuti ndipume. Apongozi anali pageti, atakana kulowa, chipewa chili m'manja. Miyendo inafuna kundipatutsa monga mwa nthawi zonse, koma iwo anandiitana.

"Mayi, akupuma?"

"Akupuma, bambo."

"Munadziwa liti kuti makinawo sagwirizana?"

"Tsiku limene munafika."

Ndinadikira kuti andidzudzule chifukwa cha kukalipa kuja, ndipo ndinali wokonzeka kugwada pamiyala pomwepo.

"Ndiye sabata yonse mdzukulu wanga anali pangozi chifukwa mumaopa ine," anatero, n'kutembenukira kumpanda kuti ndisaone nkhope yawo.