Chigayo cha Zitsononkho Kuseri kwa Khoma

Nyumba za ku Bolton n'zogundizana. Mnansi akayetsemula, iwe ndi amene umapukuta mphuno. Ndikunena zoona.

Chaka chimene ndinkagwira shifiti ya usiku kosamalira okalamba, ndinkagona masana. Ndikangotseka maso, kuseri kwa khoma kunkayamba kulira chinthu ngati chigayo, mpaka supuni ya m'kapu inkayenda yokha kukafika kubafa. Tulo tinatha. Tsiku lina ndinagona choimirira m'basi, dalaivala n'kundidzutsira kudepoti.

"Pitani mukawauze," anatero mayi akunyumba.

Mnansiyo anali mzungu wachikulire, wopuma pantchito. Munthu wamkulu sungomufikira ndi dandaulo, umayamba wamupatsa moni. Ndinapereka moni, ndinafunsa za bondo lawo, kenako ndinati, "Achikulire, kodi muli ndi makina?"

Nkhope yawo inawala. Anandikokera m'kachipinda, momwe chimbale chotsekera chinkanjenjemera patebulo logunda khoma langa lenileni. M'kati munali makoko amkuwa a zipolopolo zowombera kale, akusambira m'zinthu zonga gaga.

"Zimenezi n'chiyani?"

"Zitsononkho zogaya. Zimawalitsa mkuwa. Ndimagula."

Amagula. Kwathu timakolezera moto, ndipo ntchito yake ina sinditchula. Ndinaiwala chimene ndinadzera.

Anandifotokozera kuti kuno mfuti zing'onozing'ono n'zoletsedwa, choncho yawo ndi yaitali, ya chiphaso, koma imadya zipolopolo za mfuti yaing'ono. Khoko lililonse amalitsuka, kuikamo onga woyezedwa pasikelo, n'kutseka ndi mutu watsopano. Mitu ina ndi yamtovu, ina yokutidwa ndi mkuwa wopyapyala kuti isadetse mfuti. Ankayeza ongawo mosamala kuposa mmene timayezera mankhwala kuntchito.

"Ndiye mumawombera nyama yanji?"

"Mbale zachitsulo."

"Zikagwa mumatani nazo?"

"Timaziimikanso."

Ndinabwerera kunyumba ndi khoko limodzi lonyezimira m'thumba.

"Mwawauza?"

"Tayamba kukambirana."

Ndinapitanso, n'kubwerako ndikudziwa chifukwa chake mtovu umaphwanyika ukamenya chitsulo m'malo mobwerera kwa mwini wake. Ulendo wina ndinaphunzira kuona khoko lotopa, long'ambika kukamwa. Maso anga anali atafiira moti nkhalamba ina kuntchito inandiuza kuti ndigone pabedi pake, iyo indiyang'anira. Ndikulumbira.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi mayi akunyumba. Anakumana ndi achikulirewo potulutsa mabini a zinyalala.

"Amuna anga sagona. Makina anu."

Mawu asanu okha. Ine ndinali pakhomo, ndikufuna nthaka inditsegukire.

Achikulire ananditembenukira. "Mwabwera kwanga kangati konseku osanena?"

"Ndimayembekezera mpata, achikulire."

"Ine ndimayesa mukufuna kulowa kalabu yathu yowombera mfuti. Ndakulemberani kale tsiku la alendo."

Masana omwewo anasamutsira chimbalecho kukhoma la mbali inayo. Kumeneko kunkakhala mayi wina wobadwira m'Bolton momwemo. Makina asanatenthe n'komwe, tinamva mayiyo akumenya chitseko cha achikulire, osapereka moni, osafunsa za bondo. Pofika madzulo chimbale chinali m'kashedi kuseri kwa nyumba, chitafunditsidwa bulangete.

Mawa lake ndinagona mpaka ana anabwera kuchokera kusukulu, kudya, n'kuyamba kufunsana ngati adadi akupuma.