Mng'ono wanga si thunthu la nthochi

Loweruka tinali ndi msonkhano wa banja ku Mtiya. Nkhani inali ya mng'ono wanga Dalitso, amene anapita ku Joni zaka zisanu zapitazo. Chaka choyamba ankaimba foni. Kenako zii, mpaka lero.

Achimwene athu aakulu anazungulirazungulira, koma mfundo inali imodzi: tidule thunthu la nthochi, tilikulunge m'nsalu, tikaliike kumanda m'malo mwa thupi. Maliro athe.

Ndisanatsegule pakamwa, mwana wa achemwali anga, uja wa ku yunivesite, analowerera. "Amalume, musayambe kukalipa. Banja likungofuna closure."

"Likufuna chiyani?"

Akuti ndi mawu achingerezi, kutanthauza kutseka nkhani yowawa mumtima kuti munthu upitirize moyo.

Chingerezi ndinaphunzira ine, Fomu 4 ndinalemba. Mawuwa sindikulimbana nawo. Amene waona nkhope ya malemu, waponya dothi m'manda, ameneyo atseke. Amene mlandu wake waweruzidwa, atseke. Koma ungatseke bwanji nkhani yomwe mathero ake sukuwadziwa?

Mudzatchere khutu, abale. Amene amathamangira mawu amenewa nthawi zambiri si wolira ayi. Ndi uja watopa kumva kulira kwa mnzake. Wa Chingerezi chabwinoyu akungokuuza kuti khala chete, ukutisokosa.

Mmodzi yekha ndi amene anandifewetsa: mlamu wanga, mkazi wa Dalitso. Analankhula maso ali pansi. "Alamu, ine ndadikira. Pali bambo wina akundifuna, koma kwawo akuti ndine mkazi wa mwini."

Ndinamuuza pamaso pa onse kuti akwatiwe. Ankhoswe tilipo, ukwati tiumasula, ndipo pa chinkhoswe chakecho ndidzavina mpaka nsapato kung'ambika. Koma kumasula mkazi sikulira kupha mwamuna.

Achimwene anati akumba manda ngakhale popanda ine. Ndinawayankha kuti khasu likangogunda pansi, ndikakhala m'dzenjemo ndekha, akwirire ine. Anandinena kuti ndine wamakani. Inde ndine. Msonkhano unathera pomwepo, tiyi wosamwa.

Mwina Dalitso anafadi. Sindine mwana, ndimadziwa zimene zimachitika ku Joniko. Koma "mwina" saikira mtanda.

Tsono inu odziwa Chingerezi, ndithandizeni. Tsiku lina akadzatsika minibasi pa depoti, wowonda, chikwama chili paphewa, n'kufunsa kuti manda olembedwa dzina lakewo anakumba ndani, mudzamuyankha ndi mawu ati?